Mudzaona Aphunzira Mwambo wa Pakhomo

Galu wa kumudzi safuna mphunzitsi pa nkhani ya kudzithandiza. Amabadwira pansi pa nkhokwe, amakulira pabwalo, ndipo thupi likamuitana amangolowera kuthengo kumene kulibe womufunsa. N'chifukwa chake anthu ambiri amene adakulira kumudzi amaseka akamva kuti kagalu kayenera kulangizidwa malo ochitira chimbudzi monga momwe amalangizira mwana. Koma m'tauni zinthu n'zina. Nyumba n'zothithikana, bwalo ndi laling'ono ngati lichero, thengo kulibe, ndipo pamene galu waipitsa ndi pomwe mayi amayanika ufa, ndi pomwenso khanda limakwawa. Pamalo otere kagalu kosadziwa mwambo kangathe kudanitsa anthu a m'nyumba imodzi. Izi n'zimene zidatsala pang'ono kuchitika m'banja lina ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre, kunsi kwa phiri la Michiru.

Banjali linkakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda zitatu, mumpanda umodzi ndi eni nyumba. Munali bambo, amene anali kalipentala. Mayi, amene ankakazinga mandasi ogulitsa. Mtsikana wachisamba wa Fomu 3. Mlongo wake wa zaka 6. Ndi khanda limene linali litangoyamba kukwawa. Usiku wina akuba adathyola chitseko cha khitchini natenga njinga ya bambo ndi mapoto onse a mayi. M'mawa mwake bambo adatumiza uthenga kwa alamu awo ku Chiradzulu kuti galu wawo akaswa awasungire kamwana kamodzi kakamuna.

Kagaluko kadafika kumapeto kwa mwezi wa Julayi, sukulu zitangotsekera, kali m'katoni ya sopo. Kanali ka masabata 8, kofiirira, ka pachifuwa poyera, ndipo mimba yake inali yotupa ngati chikho. Tsiku limenelo kunja kunali chiperoni, kamvula kowaza kaja kobwera ndi mphepo yolowa m'mafupa. Mayi atakaona kakunjenjemera pakhonde adagwidwa chifundo, nalamula kuti kazigona pabalaza kufikira chisanu chitatha.

Kutacha adapeza tizithaphwi titatu pasimenti ndi kamulu kena kuseri kwa mpando. Bambo adachita zimene adaona akuluakulu awo akuchita: adakagwira pakhosi, nakakhuditsa mphuno pa zonyansazo, nakakwapula ndi patapata, kenaka nakaponyera kunja. Adatero tsiku lachiwiri, nateronso lachitatu, mpaka sabata idatha. Zotsatira zake zidali ziwiri. Choyamba, kagaluko kadaleka kudzithandiza poyera. Kankadikira kuti anthu ayang'ane kumbali n'kukalowa kunsi kwa bedi kapena kuseri kwa thumba la chimanga, kotero kuti zonyansazo zinkadziwika ndi fungo zitagonera kale. Chachiwiri, bambo akangotsekula chitseko pochokera kuntchito, kagaluko kankagwetsa makutu, kupinda mchira, n'kukodza pomwepo iwo akuona. Kwa bambo chimenechi chinali chipongwe chenicheni.

Mlandu udakula Lamlungu lina. M'mawa mkazi wa mwini nyumba adaponda zonyansa pafupi ndi mpopi, ndipo adalankhula mawu ambiri mokweza kuti mpanda wonse umve. Masana mayi adapeza khanda lili kunsi kwa tebulo, dzanja litatsala pang'ono kufika pamene kagaluko kadaipitsa.

"Galu ameneyu ndatopa naye," adatero bambo. "Mawa ndikukamusiya kumsika, amutole amene akumufuna."

Mtsikana uja adagwada chapatali. "Bambo, ndipatseni ine mpaka tsiku lotsegulira sukulu. Akadzakanika, ndidzakamubweza ndekha kwa atsibweni."

"Mwanawe, galu ndi galu. Ndodo yalephera, nanga iwe udzamuphunzitsa ndi chiyani, ndi choko?"

Komabe adalola. Madzulo ake mtsikanayo adakatcha kagaluko dzina loti Mudzaona. Paja kuno dzina la galu kawirikawiri limasenza mawu amene mwini wake sangawalankhule maso ndi maso. Mwana wamwambo satsutsana ndi bambo ake, koma palibe amene angamuletse kuitana galu wake mokweza pabwalo.

M'nyumbamo munali winanso amene ankaopa kucha kwa tsiku. Mlongo wake wa mtsikanayo, wa zaka 6 uja, ankanyowetsa mphasa usiku. M'mawa uliwonse zikachitika ankalandira chikwapu, kenaka ankasenzetsedwa mphasayo kukayanika pampanda ana anzake akumuseka. Adafika pomabisa kabudula wonyowa kunsi kwa matiresi. Mwina n'chifukwa chake adakondana kwambiri ndi Mudzaona. Awiriwa ankapezeka atakhala kuseri kwa khitchini dzuwa likamatuluka, aliyense akudikira mlandu wake.

Masiku amenewo kunyumbako kunali agogo akuchikazi, amene adabwera kudzaonetsa maso kuchipatala. Iwo adaonerera zonse ali chete pamkeka, ndipo atamuona mdzukulu wawo akukolopa misozi ili m'maso, adamuitana.

"Mdzukulu wanga, kodi udamuonapo mayi akumenya khanda la kumsana chifukwa lamunyowetsa? Khanda likafuna kutaya madzi limayamba ladzipotokola. Mayi amamva ndi msana wake, namasula mbereko, nalikhazika pamapazi. Tsono woyamba kuphunzira ndani, mwana kapena mayi? Galu wakoyu amanena asanachite, koma m'nyumba muno mulibe womumvera."

Mawu a agogowa ali ndi maziko enieni. Kamwana ka galu kakangobadwa sikatha kudzithandiza pakokha. Make amakanyambita pamimba ndi kumunsi kuti thupi ligwire ntchito yake, ndipo amatero kufikira kamwanako katakwanitsa pafupifupi masabata atatu. Kuyambira pamenepo tiana timayamba kukwawira kunja kwa malo ogona tikafuna kudzithandiza, pakuti chibadwa cha galu n'chosakonda kudetsa pogona pake. Pofika masabata 8 kagalu kamayamba kuzolowera malo amodzi ndiponso mtundu wa pansi pamene mapazi ake amaponda pochita zimenezi, kaya ndi padothi, paudzu kapena pasimenti. Choncho ukhondo kagalu kamabadwa nawo. Chimene sikadziwa n'chakuti nyumba yonse ya munthu, kuyambira pabalaza mpaka kunsi kwa bedi, ndi pogona pamodzi. Ntchito ya mwini wake ndi kukasonyeza malire a pogonapo ndi njira yotulukira.

Lolemba mtsikanayo adanyamula Mudzaona kupita naye kwa mlangizi wa ziweto chifukwa cha mimba yotupa ija. Mlangiziyo adamuuza kuti tiana ta agalu tambiri timabadwa kale ndi njoka za m'mimba, zimene timatenga kwa make tisanabadwe, ndipo n'chifukwa chake timayenera kumwa mankhwala masabata awiri alionse kufikira titakwanitsa miyezi itatu. Adafotokozanso kuti mazira a njokazo amatuluka ndi chimbudzi cha galu, ndipo mwana wosewera padothi akawameza, timphutsi take tingathe kuyenda m'thupi mpaka kuchiwindi, kumapapo, ngakhale m'diso. Koma mazirawo sakhala oopsa tsiku lomwelo; amafuna masabata awiri kapena kuposerapo ali m'dothi kuti akhwime. Choncho wochotsa chimbudzi cha galu tsiku ndi tsiku amadula njira ya matendawa. Apa mtsikanayo adazindikira kuti mkwiyo wa bambo ake pa za khanda lija unali ndi chifukwa chomveka. Cholakwika chinali njira yokha.

Pa za mkodzo, mlangiziyo adati chikhodzodzo cha kagalu n'chaching'ono ndipo minofu yotsekera sikhala itakhwima. Kawerengedwe kamene anthu oweta agalu amatsata n'koti kagalu kamatha kudzigwira pafupifupi ola limodzi pa mwezi uliwonse wa msinkhu wake, mwina n'kuwonjezapo ola lina. Kagalu ka miyezi iwiri, tsono, sikangapitirire maola awiri kapena atatu. Mtsikanayo adawerenga ndi zala: banja linkatseka chitseko 9 koloko usiku n'kutsekula 5 koloko m'mawa. Mudzaona ankamenyedwa chifukwa cholephera kudzigwira maola 8, chinthu chimene thupi lake silikadatha ngakhale akadafunitsitsa chotani.

Atabwerera kunyumba adatenga kope lakale la masamu natembenuza masamba a kumapeto. Kwa masiku atatu sadaphunzitse kanthu. Adangoyang'ana ndi kulemba nthawi imene kagaluko kadya, kamwa, kagona, kadzuka ndi kudzithandiza. Pofika tsiku lachitatu zimene zinkaoneka ngati chisokonezo zidayamba kuoneka ndondomeko yake. Mudzaona ankakodza akangodzuka, kaya tulo take tinali ta usiku kaya ta masana. Ankachita chimbudzi pasanathe theka la ola atadya. Ankakodzanso masewera akangotha. Ndipo monga adanenera agogo, ankanena asanachite: ankasiya mwadzidzidzi chimene amaseweretsa, n'kuyamba kununkhiza pansi mofulumira, kenaka kuzungulira kawiri kapena katatu pamalo amodzi. Kuchokera pa kununkhiza kufika pa kunyonyomala panali kamphindi kochepa, kokwanira munthu watcheru kumunyamula ndi kutuluka naye.

Tsono adakonza zinthu zinayi. Choyamba adasankha malo: pangodya ya mpanda, kuseri kwa bafa, kutali ndi mpopi ndiponso ndi pamene mayi ankayanika ufa. Adagaulapo dothi pang'ono ndi khasu naikapo kansanza kamene adapukutira mkodzo wa kagaluko, kuti fungo lake lomwe likaitanire pamenepo. Chachiwiri adaika nthawi ya chakudya. Kale Mudzaona ankadya paliponse pamene wina wagwetsa mkute, koma tsopano ankalandira phala la mgaiwa losakaniza ndi usipa wosinja kanayi pa tsiku, pa nthawi zosasintha, chomaliza chili cha 6 koloko madzulo. Cholowa pa nthawi yake chimatulukanso pa nthawi yake. Chachitatu adapempha zidutswa za matabwa zimene bambo ankataya, nakhoma yekha kabokosi kokhotakhota, kokwanira kagaluko kuimirira, kutembenuka ndi kugona, nayalamo chiguduli. Bokosilo likadakula kwambiri, Mudzaona akadagona mbali imodzi n'kusandutsa inayo chimbudzi. M'menemo ankalowamo pa nthawi yogona yokha, ndipo silinali ndende yomulangira. Chachinayi adasunga m'thumba la siketi yake timitu ta usipa.

Ntchito yeniyeni inali yobwerezabwereza. Kagaluko kakadzuka, kakadya, kakasewera, kapena pakapita maola awiri, ankakanyamula kupita nako pangodya paja. Ankaima chete osakaseweretsa, n'kumangonena mawu amodzimodzi motsitsa: "Pamalo, Mudzaona, pamalo." Kakangomaliza, pomwepo asanasunthe phazi, ankakapatsa kamutu ka usipa ndi kukasisita pakhosi. Kakapanda kuchita kanthu, ankabwerera nako m'nyumba, osakachotsa diso, n'kukayesanso patapita mphindi zochepa. Zonyansa zonse ankaziwola ndi fosholo tsiku lomwelo kukataya m'chimbudzi chokumba, kenaka n'kusamba m'manja ndi sopo.

Usiku ndiwo unali mayeso. Adabwereka foni ya mayi ake naitchera kuti izilira 11 koloko, 2 koloko ndi 5 koloko. Chisanu cha ku Blantyre pa 2 koloko ya usiku chimadziwika ndi alonda okha. Mtsikanayo ankafunda bulangete, tochi kumanja, kagalu kukhwapa, n'kukaima kuseri kwa bafa mano akuguguda, pamene Mudzaona ankayamba wanunkhiza tsamba lililonse ngati kuti nthawi ndi yake. Usiku wina ankafuna kungozimitsa foniyo n'kupitiriza tulo, koma akakumbukira funso la bambo ake la choko lija, ankadzuka.

N'chifukwa chiyani kamutu ka usipa kadatha zimene patapata adalephera? Yankho mtsikanayo adalipeza m'buku lake la sayansi ya zamoyo, pamene pali nkhani ya Ivan Pavlov, katswiri wa ku Russia amene adalandira mphotho ya Nobel mu 1904 chifukwa cha kafukufuku wake pa kagayidwe ka chakudya m'thupi. Pavlov adaona kuti agalu ake ankayamba kuchucha malovu asanaone n'komwe chakudya, pongomva mapazi a munthu wowadyetsa kapena kulira kwa chipangizo chimene chinkamveka chakudya chisanafike. Galu amalumikiza m'mutu mwake zinthu zimene zachitika motsatizana, popanda mpata waukulu pakati pake. Usipa woperekedwa kagalu kakangomaliza umakauza kuti pamalo pano pamabala zabwino. Koma chikwapu cha 5 koloko m'mawa sichingalumikizidwe ndi mkodzo wa pakati pa usiku. Chimene Mudzaona adaphunzira kwa bambo n'chakuti zonyansa zikakhala pansi ndipo munthu wamkuluyu ali pafupi, pamabwera ululu. Nzeru yake inali yobisala, ndipo adabisaladi.

Anthu ambiri amatsutsa zimenezi ponena kuti galu amadziwa kulakwa kwake, chifukwa mwini wake akalowa amagwetsa nkhope mwamanyazi. Mu 2009 Alexandra Horowitz, katswiri wa khalidwe la agalu ku New York, adayesa nkhope imeneyi. Agalu ankaletsedwa kudya kanthu kena eni ake atatuluka, ndipo pobwera eni akewo nthawi zina ankauzidwa zosiyana ndi zimene zidachitika. Zidapezeka kuti nkhope yamanyaziyo inkaoneka kwambiri pamene galu wakalipiridwa, kaya adadyadi kaya sadadye. Nkhope imene munthu amaiyesa kulapa ndi pempho chabe loti mkwiyo uphwe.

Panalinso nkhani ya fungo. Mayi ankakolopa mpaka simenti kuwala, koma Mudzaona ankabwerera pamalo omwewo. Mphuno ya munthu ili ndi tizigawo tomvera fungo pafupifupi 6 miliyoni, pamene ya agalu ambiri ili ndi toposa 200 miliyoni. Pamene munthu akuti payera, galu amawerengapo chikwangwani chonena kuti chimbudzi ndi pano. Mankhwala ena okolopera amene ali ndi amoniya amaipitsiratu zinthu, pakuti fungo lake limafanana ndi la mkodzo wokhalitsa. Mtsikanayo adayamba kumwetsa mkodzowo m'nsanza poyamba, kutsuka ndi sopo, kenaka kuthirapo viniga wosakaniza ndi madzi. Kuseri kwa thumba la chimanga adatsekako ndi thabwa, ndipo chitseko cha kuchipinda chidayamba kukhala chotseka masana onse.

Masiku asanu adadutsa m'nyumba muli mouma, ndipo mtsikanayo adayamba kuyenda modzimva. Loweruka la sabata yachitatu kudabwera amayi a kumpingo kudzaona agogo. Iye adatanganidwa ndi kuphika tiyi, kutsuka makapu ndi kupereka madzi osamba m'manja. Ali pakati pa pemphero lotsekera, Mudzaona adalowa, nazungulira kawiri, nanyonyomala pamphepete pa mkeka wa alendo. Amayi ena adalephera kudzigwira kuseka. Madzulo bambo atamva adangoti, "Tamuonadi Mudzaona."

Mtsikanayo adakalira kukhitchini. Agogo adamutsatira pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," adatero. "Tatenga kope lako lija uone amene walakwa." M'kopemo munalembedwa kuti kagaluko kadatuluka komaliza 1 koloko, ndipo ngoziyo idachitika itadutsa 4 koloko. Mudzaona adadzigwira maola atatu athunthu, kuposa kale lonse, ndipo mlongo wake uja adachitira umboni kuti adamuona akukanda chitseko cha kuseri, chimene chinali chotseka, asanalowe pabalaza. Tsiku limene linkaoneka lamanyazi linali tsiku loyamba limene kagaluko kadapempha kutuluka.

Sabata yachinayi mtsikanayo adagwa ndi malungo. Adalandira mankhwala kuchipatala, ndipo mayi adamuletsa kutuluka usiku. Pa 2 koloko foni idalira monga mwa masiku onse, ndipo m'kabokosi muja mudamveka kulira kwa chapansipansi. Mayi anali akuyamwitsa. Bambo adatembenuka kawiri pabedi, kenaka adadzuka akung'ung'udza. Atafika pabalaza adapeza mwana wawo wamwamuna ali kale chilili, tochi ili m'manja.

"Musamugwire ndinu, bambo, akodza pomwepo. Amakuopani," adanong'ona mwanayo. "Achemwali amati munthu aziyamba wakhala pansi, osamuyang'ana m'maso."

Bambo adayang'ana mwana wawoyo kanthawi, kenaka adanjuta chammbali natambasula dzanja. Mudzaona adatuluka m'bokosi mwamantha, nanunkhiza zala zonunkha utuchi zija, ndipo sadakodze. Atatuwo adapita kuseri kwa bafa. Mwanayo ndiye adanena mawu aja, "Pamalo, Mudzaona, pamalo," ndipo kagaluko katamaliza adaika kamutu ka usipa m'dzanja la bambo ake kuti apereke ndiwo. Pobwerera mwanayo adati nayenso akufuna kutaya madzi, ndipo bambo adamuunikira ndi tochi mpaka pakhomo pa chimbudzi. M'mawa mwake mphasa inali youma.

Kukodza kumene kagalu kamachita pamaso pa munthu amene kakumuopa si chipongwe ayi. Ndi njira imene tiagalu timasonyezera kugonja kwa wamkulu, ndipo kukalipira kumangokuwonjezera. Kumatha munthu akaleka kukaweramira ndi kukakalipira, ndipo kagaluko kakamakula. Bambo sadanene kuti adalakwa. Akuluakulu ambiri satero. Koma kuyambira tsiku limenelo pofika kuchokera kuntchito ankayamba akhala pakhonde, kuvula nsapato mwakachetechete, kudikira kuti Mudzaona abwere yekha. Ndipo ngakhale mtsikanayo adachira, ulendo wa 2 koloko udasanduka wa bambo ndi mwana wawo wamwamuna.

Vuto la mwanayo silidathe tsiku limodzi. Kunyowetsa pogona n'kofala pakati pa ana a msinkhu umenewo, sachitira dala, ndipo ambiri amaleka okha thupi likamakhwima. Panali masiku ena amene mphasa inkanyowabe. Chimene chidatha ndi chikwapu ndi kusenzetsedwa mphasa pamaso pa anzake. Mayi ankaitulutsa okha m'mamawa pamodzi ndi zochapa zina, ndipo kabudula wobisika kunsi kwa matiresi sadapezekenso.

Kumapeto kwa Ogasiti, atakwanitsa miyezi itatu, Mudzaona adakalandira katemera wa chiwewe, matenda amene adachititsa kuti mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi boma, liyambe ntchito yaikulu yotemera agalu kwaulere mu Blantyre. Pobwerera adadzigwira njira yonse, ndipo atangolowa mumpanda adathamangira yekha kuseri kwa bafa. Ulendo wa 11 koloko usiku udalekeka, ndipo wa 2 koloko udasunthira ku 3 koloko.

Pamene sukulu zinkatsegulidwa mu Seputembala, maphunziro a Mudzaona anali asanathe. Agalu ambiri amadalirika kwenikweni pa nkhaniyi akafika miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi, ndipo ena amachedwerapo. M'kope muja munali ngozi ziwiri m'masabata awiri omaliza, zonse pa masiku amene chitseko chinali chotseka ndipo womvera panalibe. Lamlungu lomaliza la tchuthi mtsikanayo adadikira chigamulo mtima uli m'mwamba. Bambo sadatchule za ku Chiradzulu. Adakhala masana onse kuseri kwa nyumba ndi sowo ndi nyundo, ndipo dzuwa likulowa pakhonde panali kanyumba ka galu ka matabwa opalidwa bwino, kofoleredwa ndi chidutswa cha lata. Kabokosi kokhotakhota kaja adakayang'anitsitsa nati misomali yake idakhomedwa molakwika, koma muyeso wake unali wolondola.

Nyengo itafunda Mudzaona adasamukira pakhonde, kumene kunali ntchito imene adaitanidwira. Bwalo lonse linali lake usiku, komabe pangodya paja sadapasiye. Mkazi wa mwini nyumba, amene kale ankalankhulira mpanda wonse, adayamba kumusungira mafupa.

Akuluakulu adati mmera mpoyamba, ndipo mawuwa amagwira pa chiweto monga agwirira pa mwana. Koma nkhani ya ku Chilomoni ikuwonjezapo kanthu kena. Pa masabata onse aja kagaluko kadaphunzira chinthu chimodzi chokha, ndicho malo. Zina zonse adaphunzira ndi anthu: kusunga nthawi, kuyang'ana zizindikiro, kudzuka usiku kuli chisanu, ndi kufunsa chifukwa dzanja lisanatole ndodo. Amene akufuna kulera kagalu pakhomo ayenera kudzifunsa ngati ali wokonzeka kuchita zimenezi kwa miyezi ingapo. Ngati sali wokonzeka, ndi bwino akasiye kwa make pansi pa nkhokwe, kumene thengo lili pafupi.